Nicholas Ferrar: Phungu amene adasiya London kukayambitsa mudzi wa mapemphero

Pa 4 Disembala chaka chilichonse, mpingo wa Anglican ku England umakumbukira munthu amene sadakhalepo bishopu ngakhale wansembe. Nicholas Ferrar adamwalira mu 1637 ali dikoni chabe, m'kamudzi kakutali kotchedwa Little Gidding. Komabe lero, zaka pafupifupi 400 chimwalirireni, dzina lake silisowa pamene Akhristu a mpingowu akukambirana za kukhalira pamodzi, kudyera pamodzi ndi kupemphera pamodzi ngati banja limodzi.

Chifukwa chake n'chakuti iye adayesa chinthu chomwe ambiri m'dziko lake ankachiona ngati chidatheratu. Pakati pa 1536 ndi 1540, Mfumu Henry VIII idatseka nyumba zonse za amonke ndi masisitere ku England n'kulanda malo awo. Kuyambira pamenepo, aliyense wofuna kupereka moyo wake wonse ku mapemphero ankakayikiridwa kuti akufuna kubwezera dzikolo m'manja mwa Papa. Ferrar adapeza njira yakeyake: adatenga mayi ake, abale ake, alamu ake ndi ana awo, n'kukakhala nawo moyo wa mapemphero popanda malumbiro a chimonke.

Mwana wa munthu wamalonda

Ferrar adabadwira mumzinda wa London pa 22 Febuluwale 1592, malinga ndi kawerengedwe ka masiku amenewo pomwe chaka chatsopano ku England chinkayamba m'mwezi wa Malichi. Pa kawerengedwe ka lero, chakacho ndi 1593. Bambo ake, omwenso dzina lawo lidali Nicholas, adali amalonda olemera, ndipo mayi ake a Mary adali munthu wolimba mtima ndi wokonda kupemphera.

Mutu wa mnyamatayu unkagwira msanga. Ali ndi zaka 13 zokha adalowa koleji ya Clare Hall pa yunivesite ya Cambridge. Adalandira digiri yake mu 1610 ndipo akuluakulu a kolejiyo adamusunga kuti apitirize maphunziro a zamankhwala. Koma thupi lake lidali lofooka. Chinyontho cha m'madambo a ku Cambridge chinkamudwalitsa malungo pafupipafupi, mpaka madokotala adamulangiza kuti akapume mpweya wina kunja kwa dziko.

Mwayi udapezeka mu 1613. Elizabeth, mwana wamkazi wa Mfumu James I, adakwatiwa ndi kalonga wa ku Germany, ndipo Ferrar adali mmodzi mwa operekeza mkwatibwi. Atafika ku Holland adasiyana ndi gululo n'kuyamba ulendo wake yekha, womwe udamutengera zaka pafupifupi zisanu. Adakhala ku Leipzig, adaphunzira zamankhwala ku Padua m'dziko la Italy, adadwala mwakayakaya ku Marseille, kenaka adafika ku Spain. Paulendowu adaphunzira zilankhulo za maiko amene adadutsamo, adagula mabuku ndi zithunzi zambiri za nkhani za m'Baibulo, ndipo adaona ndi maso ake momwe Akatolika, Achiprotestanti a magulu osiyanasiyana komanso Ayuda ankapembedzera. Adabwerera kwawo akadali wa mpingo wake womwewo, koma ataona kuti kupembedza Mulungu kuli ndi njira zambiri kuposa zomwe adakulira nazo.

Kampani ya Virginia ndi ndale

Pobwerera ku London adapeza banja lake litalowa ndi miyendo yonse mu Virginia Company, kampani yomwe mu 1607 idakhazikitsa mudzi wa Jamestown ku America. Misonkhano yambiri ya kampaniyi inkachitikira m'nyumba ya bambo ake. Mkulu wake John adali wachiwiri kwa msungichuma, udindo wa munthu woyendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku, ndipo mu 1622 Nicholas ndiye adalowa m'malo mwake.

Kampaniyi siidali yoyera m'manja. Inkapatsa Angerezi malo olimapo fodya omwe eni ake adali anthu a mtundu wa Powhatan, ndipo mu 1619 anthu oyamba ogwidwa ku Africa adatsitsidwa m'dera lomwelo. Mu Malichi 1622 eni nthakawo adaukira atsamundawo n'kupha anthu oposa 300. Ku London nako eni masheya adali atagawikana pawiri, ndipo Mfumu James idayamba kufuna kulanda deralo kuti likhale m'manja mwake.

Ferrar adamenyera kampaniyo nkhondo ndi nzeru zake zonse. Ataona kuti boma lilanda mabuku ake, adalemba anthu ntchito yokopera mwakachetechete zonse zokambidwa pamisonkhano. Makope amenewo adadzafika m'manja mwa Thomas Jefferson ndipo lero akusungidwa ku Library of Congress mumzinda wa Washington. Akatswiri a mbiri ya America amawadalira kwambiri chifukwa mabuku enieniwo adasowa.

Mu 1624 Ferrar adasankhidwa kukhala phungu wa dera la Lymington. M'Nyumba ya Malamulo adali mmodzi mwa aphungu amene adazenga mlandu wa katangale Lionel Cranfield, nduna yosunga chuma cha mfumu, yemwe adachotsedwa paudindo. Koma m'chaka chomwecho khoti lidathetsa chilolezo cha Virginia Company. Ntchito yomwe banja la Ferrar lidathirapo ndalama ndi mphamvu kwa zaka zambiri idathera pomwepo.

Tsoka siliyenda lokha. Bambo awo adali atamwalira mu 1620, ndipo John adatsala pang'ono kumira m'ngongole mnzake wochita naye malonda atagwa. Akuluakulu adati chuma ndi mchira wa khoswe, suchedwa kupululuka, ndipo Nicholas adaziona zimenezi pakhomo pawo penipeni. Iye ndiye adakonza njira yopulumutsira mkulu wake. Mbali ina ya njirayo idali yakuti mayi awo agule ndi ndalama zawo malo a mnzake wa John uja, omwe adali ku Little Gidding m'boma la Huntingdonshire, kumpoto chakumadzulo kwa Cambridge.

Tchalitchi chosungiramo udzu

Mu 1625 mliri udagwa mu London n'kupha anthu masauzande ambiri. Banja la Ferrar lidathawa mumzindawo, ndipo m'chaka chimenecho mayi Mary adakaona koyamba malo amene adagula. Pamalopo padalibenso mudzi. Padali nyumba yaikulu yakugwa, abusa a nkhosa ochepa, ndi katchalitchi ka Yohane Woyera komwe anthu adali atakasandutsa nkhokwe ya udzu ndi khola la nkhumba. Mbiri ya banjali imati mayiwo, omwe adali atapitirira zaka 70, adakana kulowa m'nyumba asadagwade m'tchalitchimo, ndipo adalamula kuti udzuwo uyambe kutulutsidwa nthawi yomweyo.

Chaka chotsatira, mu 1626, Nicholas adapita ku Westminster Abbey komwe Bishopu William Laud, amene pambuyo pake adadzakhala Arkibishopu wa Canterbury, adamudzoza udikoni. Anzake a maudindo atamva, adamulonjeza maparishi a ndalama zambiri akangovomera unsembe. Iye adakana. Udikoni udali womukwanira chifukwa unkamulola kutsogolera mapemphero a m'mawa ndi madzulo m'tchalitchi, ndipo chimenecho n'chokhacho chomwe ankafuna.

Pakhomopo padasonkhana anthu oposa 30. Padali mayi Mary; John ndi mkazi wake Bathsheba ndi ana awo; mchemwali wake Susanna ndi mwamuna wake John Collett pamodzi ndi ana awo ambiri; aphunzitsi atatu; antchito; ndiponso amayi amasiye osauka omwe adapatsidwa zipinda m'nyumba momwemo. Padalibe malumbiro. Aliyense adali ndi ufulu wochoka, ndipo ana aakazi ambiri a Susanna adakwatiwa malume awo atawathandiza kukonza maukwatiwo. Awiri okha, Mary ndi Anna Collett, ndiwo adasankha okha kukhala osakwatiwa.

Tsiku la pa Little Gidding

Anthu ankadzuka 4 koloko m'mawa m'nyengo yotentha ndi 5 koloko m'nyengo yozizira. Ana ankayamba ndi kunena pamtima pamaso pa Nicholas ndime za m'Baibulo zomwe adaloweza. Katatu pa tsiku banja lonse linkandandalika awiriawiri kupita kutchalitchi kukachita mapemphero a m'buku la mpingo, la Book of Common Prayer. Kupatula apo, ola lililonse likakwana kagulu kamodzi kankasiya ntchito n'kukumana m'chipinda chachikulu kwa mphindi pafupifupi 15, kunena masalimo, kuwerenga gawo la Uthenga Wabwino ndi kuimba nyimbo. Timaguluti tinkasinthana, kotero kuti ntchito za pakhomo sizinkaima.

Buku la mapemphero la mpingowo lidagawa masalimo onse 150 kuti azitha pa mwezi. Ku Little Gidding ankawamaliza pa tsiku limodzi. Patapita zaka zingapo adawonjezera ulonda wa usiku. Kuyambira 9 koloko mpaka 1 koloko, anthu awiri kapena kuposerapo, amuna kwaokha akazi kwaokha, ankanenanso masalimo onsewo molandizana. Ulondawu sudali wokakamiza. Ikakwana 1 koloko, olondawo ankagogoda pakhomo la Nicholas n'kumusiyira kandulo, iye n'kudzuka kupemphera mpaka m'bandakucha.

Popeza iye sadali wansembe, Mgonero wa Ambuye unkachitika kamodzi pa mwezi, wansembe wa parishi yoyandikana ya Great Gidding akabwera. Pamenepa pakuonekera khalidwe lina la gululi: silidadzipatule pa mpingo. Linkamvera bishopu wa Lincoln, John Williams, amene adaliyendera n'kuvomereza zomwe linkachita.

Mapempherowa sadatseke chitseko kwa anthu a m'midzi yozungulira. Chipinda china chidasanduka kachipatala, ndipo maphunziro a zamankhwala a Nicholas adagwira ntchito. Ana a mchemwali wake ankakonza mankhwala odzola ndi kutsuka zilonda za aliyense wobwera. Osauka ankalandira phala masiku angapo pa sabata. Nyumba yakale ya nkhunda idakonzedwa kukhala sukulu. Lamulungu m'mawa kunkabwera ana ambiri a m'midzi, ndipo mwana aliyense ankalandira kobiri limodzi pa salimo lililonse lomwe waloweza, kenaka onse ankadya chakudya chamasana chomwe mayi Mary ndi adzukulu awo ankawagawira ndi manja awo. Kwa mabanja osauka, kobiri ndi mbale ya chakudya sizidali zinthu zazing'ono, ndipo anawo ankaphunzira kuwerenga m'njira yomweyo.

Mabuku a sizasi ndi zomatira

Ntchito yomwe idatchukitsa Little Gidding idabadwa chifukwa cha mapemphero a ola lililonse aja. Nicholas ankafuna kuti moyo wa Yesu uziwerengedwa ngati nkhani imodzi yoyenda mwadongosolo kuchokera m'mabuku onse anayi a Mateyu, Maliko, Luka ndi Yohane. Adagawa nkhaniyo m'mitu 150 yoti izitha pa mwezi. Ana aakazi a Susanna ankatenga Mabaibulo osindikizidwa, kudula ndime ndi mizere, nthawi zina mawu amodziamodzi, n'kuzimata pamapepala aakulu mwaluso kotero kuti woona ankayesa zatuluka m'makina osindikizira. Ankamatamonso zithunzi zija malume awo adabwera nazo kuchokera kunja, kenaka n'kusoka mabukuwo ndi kuwaveka zikuto okha, luso lomwe adaphunzitsidwa ndi mwana wamkazi wa katswiri wina wa ntchitoyi wa ku Cambridge.

Mbiri ya mabukuwa idafika kwa Mfumu Charles I, yomwe idatuma munthu kukabwereka limodzi. Idalisunga miyezi yambiri, ikulemba ndemanga zake m'mphepete mwa masamba, ndipo idalibweza pokhapokha italonjezedwa lakelake. Buku la mfumulo lidamalizidwa mu 1635 ndipo lero lili ku British Library. Pambuyo pake mfumuyo idapemphanso lina lophatikiza mabuku a Mafumu ndi Mbiri.

Atsikanawa sankangodula ndi kumata. Kuyambira mu 1631 adali ndi kabwalo kawo ka zokambirana, komwe ankafotokozerana nkhani za m'mbiri ndi kutsutsana pa mafunso a chikhulupiriro ndi makhalidwe. Zokambiranazo zidalembedwa ndipo zilipo mpaka lero. M'nthawi yomwe mayunivesite a ku England sankalandira akazi, asungwana a pa Little Gidding ankawerenga, kulemba ndi kuyankhula pagulu.

Mnzake wapamtima wa Ferrar adali George Herbert, wansembe ndi mlakatuli, amene adadziwana naye ku Cambridge. Banja la Ferrar lidathandiza Herbert kumanganso tchalitchi chakugwa cha ku Leighton Bromswold, pafupi ndi Little Gidding, momwe gome lolalikirapo ndi lotsogolerapo mapemphero adazimanga zofanana msinkhu posonyeza kuti ulaliki suposa pemphero. Mu 1633, ali pafupi kumwalira, Herbert adatumiza kwa Ferrar ndakatulo zake zolembedwa pamanja, n'kumusiyira kuti aone yekha ngati n'zoyenera kusindikizidwa kapena kutenthedwa. Ferrar adazisindikiza ku Cambridge chaka chomwecho m'buku lotchedwa The Temple. Lero bukuli limawerengedwa pakati pa ndakatulo zachikhristu zopambana m'Chingerezi, ndipo zina mwa izo zimaimbidwa ngati nyimbo m'matchalitchi.

Mikangano ya m'nyumba, adani a kunja

Kukhala anthu oposa 30 pansi pa denga limodzi sikungalephere kubala mikangano. Amene adavutika kwambiri adali Bathsheba, mkazi wa John. Iye adali mwana wa mumzinda, wozolowera moyo wa ku London, ndipo sadasankhe yekha kukakhala kumudzi. Ku Little Gidding adapeza kuti nyumba ndi ya apongozi ake, mawu omaliza ndi a mlamu wake wamng'ono, ndipo mwamuna wake amamvera mng'ono wakeyo pafupifupi pa chilichonse, ngakhale pa kaleredwe ka ana awo. Makalata a banjali akusonyeza kuti padali kukangana kowawa, ndipo Nicholas, yemwe adali wofatsa kwa alendo, sankagonja msanga pa zomwe watsimikiza. John atamwalira, Bathsheba sadachedwe kubwerera ku London. Nkhani yake imakumbutsa magulu onse ofuna moyo wotere kuti mtolo wake umalemera kwambiri pa munthu amene adangotsatira ena.

Kunja nako kudali maso. Akhristu a gulu la ma Puritan, omwe ankafuna kuchotsa mumpingo chilichonse chofanana ndi Chikatolika, ankadabwa ndi makandulo, kugwada, mapemphero a usiku ndi atsikana osakwatiwa ovala zakuda. Mu 1634 loya wina, Edward Lenton, adafika kudzaona yekha, ndipo adalemba kalata yofotokoza zomwe adapeza. Mu 1641 anthu ena adatenga kalatayo, kuipotoza n'kuisindikiza m'kabuku kotchedwa The Arminian Nunnery, kamene kankanena kuti Little Gidding ndi nyumba ya masisitere yobisika. Kabukuko kadaperekedwa ku Nyumba ya Malamulo. Lenton adakana kuti si zomwe iye adalemba, koma mbiri yoipa idali itawanda kale.

Imfa ndi kutha kwa gulu

Nicholas sadaone kabuku kameneko. Mayi ake adamwalira mu 1634, ndipo kuchokera pamenepo iye adawonjezera kudzimana tulo ndi chakudya. Mu Novembala 1637 adadwala. Atazindikira kuti sachira, adauza John kuti ayeze malo a manda kunja kwa khomo la tchalitchi, asiye mpata woyandikira khomolo kuti udzakhale wa John mwini monga mkulu, ndipo iye aikidwe chapatali pang'ono. Adalamulanso kuti mabuku ake a masewero ndi nthano zachikondi, omwe adawatsekera m'madengu kwa zaka zambiri, atenthedwe pamalo pomwepo. Utsi utakwera, ena m'midzi yoyandikana adafalitsa mphekesera yoti akutentha mabuku a matsenga.

Adamwalira pa 4 Disembala 1637, cha m'ma 1 koloko usiku, ola lomwe ankadzukira kupemphera. Adali asadakwanitse zaka 45. Manda ake akadali pomwepo, panjira yolowera m'tchalitchi.

John ndi Susanna adapitiriza moyo wa pamalopo kwa zaka zina 20, koma nthawi zidali zitaipa. Mfumu Charles idacheza ku Little Gidding mu Malichi 1642, miyezi yochepa nkhondo yapachiweniweni pakati pa iyo ndi Nyumba ya Malamulo isadayambe. Mbiri ya pamalopo imati idafikanso usiku mu Meyi 1646 ikuthawa adani ake, ndipo John adaiperekeza kukagona kumudzi wina wapafupi. Mfumuyo idadulidwa mutu mu 1649, ndipo buku la mapemphero lomwe banjali linkagwiritsa ntchito lidali litaletsedwa kale. Mu 1657 John ndi Susanna adamwalira motsatizana, ndipo moyo wa gulu lija udathera pomwepo, patatha zaka pafupifupi 30 chiyambireni.

Mbewu idameranso

Kwa zaka pafupifupi 200 Little Gidding idakhala ngati yaiwalika. M'zaka za m'ma 1830 ndi 1840, atsogoleri a chitsitsimutso chotchedwa Oxford Movement adayamba kufufuza mizu yakale ya mpingo wa Anglican, ndipo adapeza mwa Ferrar umboni wakuti moyo wokhalira pamodzi m'mapemphero ungatheke mumpingo wawo. Mu 1845 gulu loyamba la masisitere a Anglican lidakhazikitsidwa mu London, ndipo ena ambiri adatsatira. Amishoni a Universities' Mission to Central Africa, omwe adafika ku Magomero mu 1861 ndipo pambuyo pake adakhazikika pachilumba cha Likoma, ambiri adali ana a chitsitsimutso chomwechi.

Mu 1913 ansembe ena a ku Cambridge adayambitsa gulu la Oratory of the Good Shepherd, lomwe limatenga Ferrar ngati chitsanzo chake. Mlakatuli T. S. Eliot adakacheza pamalopo mu 1936, ndipo mu 1942 adatulutsa ndakatulo yotchedwa Little Gidding, yomwe idadziwitsa dziko lonse za kamudzika. M'zaka za m'ma 1970 mabanja ena adayesanso kukhalira pamodzi pamalo omwewo. Nalo gulu lawo lidakumana ndi mikangano, ndipo lidatha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990.

Maganizowa sadafe. Mu 2015 Arkibishopu Justin Welby adatsegula Community of St Anselm ku Lambeth Palace mu London, komwe achinyamata ochokera m'maiko ndi mipingo yosiyanasiyana amakhalira pamodzi kwa miyezi ingapo akupemphera, kuphunzira ndi kutumikira osauka. Magulu ena ang'onoang'ono a anthu wamba, okwatira ndi osakwatira, akuyesa zofananazo m'mizinda ya ku England ndi America. Mafunso amene akukumana nawo ndi omwe aja a pa Little Gidding: ndani akhale ndi mawu omaliza, ndalama zichokere kuti, amene watopa achoke bwanji mwamtendere, ndipo gulu lidzakhala bwanji woliyambitsa akadzapita.

Katchalitchi ka Yohane Woyera kakadalipo pakati pa minda, ngakhale kutsogolo kwake kudamangidwanso mu 1714. Nyumba yaikulu ija idagwa kalekale. Bungwe la Friends of Little Gidding, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1946, limakonza ulendo wa mapemphero wopita kumeneko, ndipo ofikawo amaima kaye pamanda a dikoni uja asadalowe m'tchalitchi.